Bedi Limene Alamu Anga Anawotcherera

Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu amene sanavomerepo kuti pali chinthu chimene sachidziwa. Alamu angawo anabwera kudzakhala chikamwini kumudzi kwathu, kufupi ndi Sinda, atavala nsapato zosongoka ndi cholembera m'thumba la malaya, ndipo kuyambira tsiku limenelo akhala akutiphunzitsa zinthu zimene tinabadwa tikuchita. Amayi anga, amene alima nshawa, kapena kuti mtedza, kuyambira ali mtsikana, anauzidwa kudzera mwa mlongo wanga kuti amabzala mothinana. Wopala matabwa wa pamudzi anauzidwa kuti amagwira sowo molakwika. Ine ndinapulumuka kwa zaka zingapo chifukwa ndimakhala ku Katete, ndiponso ntchito yanga imafuna makina amene alamu analibe.

Ndine wowotcherera zitsulo. Ndili ndi kashedi ka malata kuseri kwa msika, kumene ndimapanga mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, mabenchi ndi mashelefu a m'magolosale. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Vubwi nditakwatira kale, kwa mkulu wina amene ankakonza ngolo ndi makasu a ng'ombe. Kumeneko misewu ndi ya miyala ndi zitunda, ndiye ngolo yowotcherera mwachinyengo sibisika. Imakathyokera pamtsetse ili ndi matumba a chimanga, ng'ombe zili pagoli, ndipo mwini wake amabwera kudzakufuna kunyumba. Mkuluyo sankalankhula zambiri. Ndikamaliza kulumikiza zitsulo ziwiri ankazitenga, n'kuziika pamwala, n'kuzimenya ndi hamala yaikulu. Zikalekana ankangondibwezera. Zikapindika pena pake koma mfundo yanga ili chigwirire, ankati, "Eya," n'kubwerera ku ntchito yake. Ndinakhala miyezi yambiri ndisanamve "eya" woyamba.

Chaka chimene amayi anafa ziwalo za mbali yakumanzere, tinali titangomaliza kukumba nshawa. Anagonekedwa kuchipatala kwa masabata angapo, ndipo powatulutsa anamwino anatiuza kuti asamagonenso pansi. Amayi anali munthu wathupi, ndipo kuwadzutsa pamphasa kunkafuna anthu awiri a misana yolimba. Pankafunika bedi lokwera bwino, loti owasamalira azitha kuwatembenuza, kuwakhazika ndi kuwasambitsa osawerama mpaka pansi. Ndinanena pamaso pa onse kuti ndipanga ndine. Ndinayeza chipinda, ndinayeza khomo, n'kubwerera ku Katete. Kumeneko ndinapeza mageti a munthu wina amene ndinali nditamulonjeza kale, ndipo ndinati ndiyambe ndamaliza amenewo. Panapita masabata awiri.

Tsiku lina mlongo wanga anandiimbira foni.

"Achimwene, za bedi zija musavutikenso. Alamu anu agula makina."

"Makina a chiyani?"

"Owotcherera. Aang'ono, onyamula m'manja ngati wailesi. Akuti ntchito yake ndi yosavuta, aonera pafoni."

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Sinda. Kumudzi kwathu kulibe magetsi, choncho alamu anakapempha malo pachigayo cha pamsewu. Ndinawapeza kumeneko, ndipo ndinazindikira msanga kuti malowo sanawasankhe chifukwa cha magetsi okha. Pachigayo pamakhala amayi odikira kugayitsa, ndipo alamu anali atapeza anthu owaonerera. Anali atavala magalasi akuda a dzuwa, aja amagulitsa pabasi siteshoni, foni ataitsamiritsa panjerwa, ikuonetsa munthu wa kutali akuwotcherera m'nyumba yoyera ngati chipatala. Ankaonera pang'ono, n'kuimitsa, n'kugunda chitsulo ndi ndodo yowotcherera. Ndodoyo inkakakamira pachitsulo, iwo n'kumaigwedeza ngati akuzula dzino. Ikachoka, moto unkathwanima, amayi aja n'kubisa nkhope m'zitenje, alamu n'kuwayang'ana mwa matama.

Ndinagwada n'kuyang'ana zitsulo zimene anagula. Anali machubu opyapyala, aja timapangira mafelemu a zikwangwani. Ndinatenga chimodzi n'kuchipanikiza pabondo, ndipo chinavomera kupindika. Chitsulo chopyapyala chotero chimabooka moto ukachuluka, ndipo alamu anali ataboola kale malo angapo. Ataona zimenezo anachepetsa moto mpaka pansi. Tsono moto wochepa susungunula chitsulo. Umangosungunula ndodo, n'kumadonthezera timibulu pamwamba. Ngodya zonse za bedilo zinali ndi timibulu totero, tounjikana ngati zitosi za nkhuku pakhonde.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuwotcherera ndi kumata, ngati mmene umamatira chubu cha njinga. Si choncho. Zitsulo ziwirizo zimayenera kusungunuka zonse m'mphepete, n'kusakanikirana ndi ndodo ija, kuti zikazizira zikhale chitsulo chimodzi. Kuti zitheke uyenera kuyamba wapala dzimbiri ndi mafuta mpaka chitsulo chiwale. Kenako umagwiriza pang'ono m'makona, kuyeza ngati zaongoka, ndipo ukakhutira umayendetsa moto mozungulira mfundo yonse, osasiya mpata. Pamwamba pamauma khoko lakuda longa nkhanambo. Umaligogoda, n'kuona zimene zili pansi pake. Alamu sanapale kanthu, ndipo nkhanambo sankaichotsa. Ankangowonjezera timibulu tina pamwamba pake.

"Alamu," ndinatero, "bedi ili silinyamula amayi."

Anavula magalasi n'kuseka, akuyang'ana amayi a pachigayo aja. "Mwamva? Nsanje yayamba. Akuopa kuti ndiwalanda makasitomala."

"Sindikuseka. Chitsulo ichi ndi chopyapyala, ndipo moto wanu sukulowa."

"Inu vuto lanu ndi limodzi, alamu. Mumapanga zinthu ngati ngolo. Bedi limafuna dizaini. Dikirani muone finishing'i yake."

Amayi aja anaseka, ndipo apa ndiye panali tsoka langa. Kwathu munthu ndi mlamu wake amanyozana mwa nthabwala. Ndi mwambo, ndipo palibe amene amakwiya. Kwa zaka zonse ndinali ndikuwanena za nsapato zawo ndi za cholembera chosalemba, iwo n'kumandinena za manja anga akuda. Ndiye tsiku limene ndinanena zoona, aliyense anamva chilamu. Ndikalimbikira, kuseka kunkachuluka.

M'mawa mwake alamu sanatuluke m'nyumba. Magalasi a dzuwa sateteza ku moto wowotcherera, ndipo maso awo anali atatupa, akutuluka misozi, akumva ngati wina wawathira mchenga. Ndinawapeza ali chagada pamphasa, mlongo wanga atawaika nsalu yonyowa kumaso. Anandiuza kuti ndi fumbi la pachigayo. Ndinawasiyira chigoba changa chakale cha galasi lakuda chimene ndinabwera nacho m'chikwama. Pambuyo pake ndinamva kuti sanachivale, ati chinkawabisa nkhope ndipo sankaona bwino foni.

Finishing'i ija ndinaiona Loweruka lotsatira. Alamu anabwereka gulayinda, makina opalira zitsulo, n'kupala timibulu tonse tija mpaka ngodya zinasalala. Chimene chinkagwirako pang'ono anachichotsa, n'kusiya kachikopa kopyapyala ngati khoko la anyezi. Mabowo anawatseka ndi phala lija amamatira magalimoto ophwanyika asanawapake penti. Kenako anapaka bedi lonse penti ya golide. Kumutu kwake anapinda mawaya kukhala mitima iwiri ndi maluwa, ndipo pakona iliyonse anaika kampira konyezimira. Miyendo inali inayi yokha, yaitali, yopanda mchirikizo uliwonse. Pakati panalibe mwendo.

Analinyamula pangolo kuchokera kuchigayo, iwo ali patsogolo panjinga, ndipo mudzi wonse unatuluka kudzaona. Anthu ankaligwira ndi nsonga za zala. Mayi wina anati ngakhale ku Chipata bedi lotere silipezeka. Ndinapita kukatenga hamala m'nyumba.

Mlongo wanga anandigwira mkono pakhomo. "Mukufuna kuchita chiyani?"

"Ndingoliyesa. Kamodzi kokha pakona."

"Pamaso pa anthu onsewa? Achimwene, inu munalonjeza bedi, masabata awiri sitinakuoneni. Amayi atuluka zilonda kumsana. Munthu wadzipereka, wapanga, ndiye inu mubwere ndi hamala?"

Za masabata awiriwo zinali zoona. Ndinabweza hamala.

Pali chinthu china chimene chiyenera kumveka. Mkamwini salowa kuchipinda cha apongozi ake. Alamu chikwatirireni sanayang'anepo amayi m'maso, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Choncho munthu amene anapanga bedi la wodwalayo anali asanaonepo mmene wodwalayo amadzutsidwira. Sanadziwe kuti mlongo wanga amagwada pabedi ndi bondo limodzi, mdzukulu wamkulu wa amayi n'kukhala mbali inayo, onse n'kukoka pamodzi. Sanadziwe kuti obwera kudzazonda amakhala m'mphepete chifukwa m'chipindamo mulibe mpando. Sanafunse. Anangoyeza matiresi n'kuyamba maluwa.

Tinalowetsa bedi movutikira, molipendeketsa pakhomo, tinayala matabwa ndi matiresi, n'kuwakweza amayi. Linalira pang'ono, kulira kopyapyala kwa chitsulo chikamavomera. Anthu atatuluka ndinafunsa amayi mmene akumvera. Pakamwa pawo panali patapotoka, koma mawu ankamveka.

"Likugwedera," anatero.

"Ndinene kuti mutsike?"

"Apanga ndi akamwini. Ndikane bwanji?"

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kutenga njerwa. Ndinazisanja milu iwiri pansi pa zitsulo zam'mbali, cha kumutu kumene thupi limalemera, n'kupanikizira timatabwa kuti zigwire. Ndinauza mlongo wanga kuti asazichotse, ndipo ndinati bedi lenileni ndibwera nalo posachedwa. Ndinabwerera ku Katete. Ndinagula zitsulo, ndinazidula, koma kunabwera ntchito ya mashelefu, ndipo ndinadziuza kuti njerwa zilipo.

Lamlungu lachiwiri ndinapita kukaona amayi. Tsiku limenelo amayi a kutchalitchi anali atapangana zobwera kudzapemphera ndi wodwala. Ndinafika iwo atalowa kale, ndipo ndinakhala pakhonde ndi alamu, amene anali atavala jekete. Ankamvetsera nyimbo, koma ndinaona kuti khutu lawo likudikira mawu oyamikira bedi. Chimene sindinadziwe n'chakuti m'mawa womwewo mlongo wanga anachotsa njerwa zija. Alamu anali atamva za njerwazo kwa ana, ndipo anakhala masiku awiri osadya bwino, akuti anyozedwa m'mudzi wa eni. Mlongo wanga anaganiza kuti alendo akaona njerwa pansi pa bedi la golide nkhani ifalikira, ndiye anati azichotse kwa tsiku limodzi lokha.

Nyimbo itatha, amayi awiri anakwera m'mphepete kuti akhazike wodwala, wachitatu n'kukhala kumiyendo ndi buku lake. Ndinamva kuti phwa, osati mokweza, ngati munthu wathyola nzimbe. Kenako kunamveka chinthu cholemera chikugwa, ndi mawu a amayi anga.

Ndinathamangira mkati. Chitsulo cham'mbali chinali chitalekana ndi mwendo wakumutu. Matabwa anatsetsereka, matiresi anapendekeka, ndipo amayi anagwera mbali yakumanja. Anayesa kudzitchinjiriza ndi dzanja lawo labwino, lokhalo limene linkagwira ntchito, ndipo thupi lonse linagwera pamenepo. Nditawanyamula ndinaona kuti dzanjalo lapindika pamfundo mosayenera. Sanalire. Ankangopuma mofulumira, akuyang'ana kudenga, chitenje chitavuka, mayi wina akuthamangira kuwafunditsa.

Alamu anaima panja pa khomo, poti kulowa sakanatha. "Kwachitika chiyani?" ankafunsa. "Wina wakhala molakwika?"

Tinapeza galimoto pamsewu n'kupita kuchipatala. Dzanja linali litathyoka, ndipo analikulunga chikhakha. Kwa masabata ambiri amayi anga, amene anali atangophunziranso kudya okha ndi dzanja limodzi, ankadyetsedwa ndi supuni ngati khanda. Kumwa madzi ankachita kupempha. Ntchentche ikatera pamphumi ankadikira kuti wina aione. Zimenezi zinawapweteka kuposa fupalo.

Titabwerako kuchipatala, abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ndipo bedi lija linatulutsidwa panja. Ndinayembekezera kuti alamu apepesa, kapena angokhala chete. Anaimirira n'kuyamba kufotokoza. Anati zitsulo za masiku ano ndi zachinyengo, ndipo wa sitolo anawanamiza. Anati magetsi a pachigayo ndi ofooka chifukwa injini imakoka onse. Anati bedi si benchi la kutchalitchi, linapangidwira munthu mmodzi. Kenako anatsitsa mawu, n'kunena kuti palinso anthu ena amene sanakondwere ndi bedilo kuyambira pachiyambi, amene analowa m'chipinda okha n'kuika zinthu pansi pake, ndipo iwo sakudziwa kuti pamodzi ndi njerwazo panaikidwanso chiyani.

Azakhali anga anayang'ana pansi. Mlongo wanga anati, "Inu, musatero."

Ndinanyamuka n'kupita pabedi lija. Ndinatola chitsulo chothyokacho n'kuitana amalume, amene anali wamkulu pamsonkhanowo, kuti aone. Pamene panalekanapo chitsulo sichinang'ambike ngakhale pang'ono. Mphepete mwake munali mosalala monga anachidulira ndi sowo, dzimbiri la kusitolo lidakalipo. Ndinalowetsa chikhadabo pansi pa penti, ndipo kachidutswa ka phala lija pamodzi ndi kambulu kamodzi zinagwera m'dzanja langa. Ndinawapatsa amalume.

"Ichi ndicho chinkanyamula achemwali anu," ndinatero.

Amalume anachitembenuza, n'kuchifinya ndi zala, ndipo chinanyenyeka.

Ndinakatenga hamala ija. Ulendo uno palibe anandigwira mkono. Sinali yaikulu, inali yokhomera misomali. Ndinamenya ngodya yachiwiri kamodzi, ndipo inalekana. Yachitatu chimodzimodzi. Yachinayi inafuna kawiri, ndipo ndiyenera kuwapatsa ulemu umenewo. Bedi linagona pansi zidutswa zinayi, mitima ija ili chagada m'fumbi.

"Alamu," ndinatero, "lero si chilamu. Mankhwala amene mukuwanenawo kulibe. Simudziwa kuwotcherera. Ndinakuuzani pachigayo, munaseka."

Anatsegula pakamwa, koma amalume anakweza dzanja. Alamu anakhala pansi, n'kutulutsa foni, n'kumaiyang'ana ngati muli uthenga wofunika.

Madzulo ndisananyamuke ndinalowa kukatsanzika amayi. Anali atabwerera pamphasa, pa matiresi omwe aja, dzanja lili pamtsamiro. Ndinawauza kuti bedi libwera Lachinayi.

"Ndamva hamala," anatero. "Wakhutira?"

"Amayi, munthu uja akanakuphani."

"Iye sadziwa. Iwe umadziwa." Anapuma pang'ono, poti kulankhula kunkawatopetsa. "Unaona tsiku loyamba kuti lithyoka. Unaika njerwa, n'kupita. Unkadikira kuti lithyoke, anthu aone kuti unanena."

Ndinati si choncho, kunali ntchito. Iwo anatseka maso. Mu minibasi ndinaganizira mawuwo mpaka ku Katete. Sindinafune kuti amayi avulale, zimenezo ndikhoza kulumbira. Koma kuti bedi la golide lija lidzagwe tsiku lina anthu akuona, ndinkafuna, ndipo m'mutu mwanga ndinkaliona likugwa lopanda munthu. Zitsulo ndinali nditadula kale. Ntchito yotsala inali ya masiku atatu, ndipo masiku atatuwo ndinawapereka ku mashelefu a golosale.

Lolemba ndinatseka shedi kwa wina aliyense. Felemu ndinaipanga ndi chitsulo cha ngodya chochindikala, kuti matabwa azikhala m'kati mwake ngati m'mbale. Mphepete zonse ndinazipala mpaka kuwala, n'kuzisema pang'ono mopendekera kuti moto ukalowe mpaka mkati. Miyendo ndinaipanga ya chubu chochindikala, ndipo pamwendo uliwonse ndinawotcherera kachitsulo kotulukira, koti felemu izikhalapo. Motero kulemera kumatsikira m'mwendo, osati kulendewera pamfundo. Pakona iliyonse ndinaika mchirikizo wopingasa. Pakati ndinadutsitsa chitsulo china chokhala ndi miyendo yake iwiri. Khomo la amayi ndi lopapatiza, choncho kumutu ndi kumiyendo ndinamanga ndi mabawuti, awiriawiri pamalo, kuti bedi lizimasuka polowetsa. Mbali yakumanja ndinaika chogwirira, choti dzanja likadzapola azidzikoka nacho. Mfundo zanga sindinazipale. Ndinangogogoda nkhanambo, n'kuzisiya zikuoneka monga zilili, mizere yotumphuka ngati zipsera.

Nditamaliza ndinaitana anzanga a pamsika, wokonza matayala ndi amuna awiri onyamula matumba. Tinakwera tonse anayi n'kumadumpha. Kenako tinakhala tonse m'mphepete mbali imodzi. Silinalire. Ndinalipaka penti yoletsa dzimbiri, n'kupaka yakuda pamwamba.

Nditafika nalo kumudzi palibe anatuluka kudzaona. Mlongo wanga anagwira sipanala ine ndikumanga mabawuti, ndipo tili pansi pa bedi anandiuza chapansipansi kuti njerwa zija anachotsa ndi iye. Ndinati ndikudziwa. Alamu anali pakhonde. Bedi likudutsa analiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, n'kuuza mnzawo amene anakhala naye kuti lalemera mopitirira muyeso, ndi kuwononga zitsulo chabe.

Dzanja la amayi linapola, koma silinabwerere mwakale. Zala zinkauma m'mawa, ndipo kapu yodzaza sankatha kuinyamula. Chogwirira chija anachigwiritsa ntchito, ngakhale kuti poyamba ankachita kukoleka chigongono. Amayi a kutchalitchi anabweranso kangapo. Ulendo woyamba onse anaimirira m'mbali mwa khoma, mpaka amayi anawauza okha kuti akhale.

Ndinkaganiza kuti makina aja agulitsidwa. Patapita miyezi, nyengo yokolola thonje, alamu anatulukira kushedi kwanga ku Katete atanyamula chinthu chachitali chokulungidwa m'masaka. Anayang'ana uku ndi uku asanamasule. Chinali chitsulo cha kutsogolo kwa ngolo, chija chimakolekedwa kugoli, chitalekana pakati. Penti ya golide inali pomwepo pamfundo.

"Ndi cha munthu wina wa kumudzi," anatero. "Chinathyoka, ndiye ndinamuthandiza. Manje chathyokanso. Chitsulo chake n'chakale."

"Ng'ombe zili bwino?"

"Imodzi ikutsimphina pang'ono."

"Mwini wake akudziwa kuti mwabwera kuno?"

"Ndamuuza kuti ndikukagula ndodo zamphamvu." Anakanda kumutu. "Nkhaniyi ithere pompano, alamu. Mlongo wanu asamve."

Ndinaganiza zowabweza. Koma ngoloyo inali ya munthu amene ali ndi thonje m'munda, ndipo ng'ombe sizinalakwe kanthu. Ndinapala zonse zimene anamatapo mpaka kufika pachitsulo chenicheni, ndinalowetsa chitsulo china mkati kuti chigwire mbali zonse ziwiri, n'kuwotcherera mozungulira. Alamu anaima kumbuyo kwanga nthawi yonseyo, manja ali m'matumba. Anandiuza kuti moto wanga wachuluka. Anandiuza kuti ndikuyendetsa ndodo pang'onopang'ono kwambiri, munthu wa pafoni uja amathamanga. Nditamaliza anawerama n'kuyang'ana mfundoyo, n'kufunsa ngati ndingaipaleko kuti isalale.

Ndinati ayi.

Anafunsa ngati ndili ndi penti ya golide, kuti mwini ngolo asaone kusiyana. Ndinati ndilibe. Anakulunga chitsulo chawo m'masaka chikadali chofunda, n'kuchinyamula paphewa kulowera kumene kumaima maminibasi a ku Sinda. Panjira anaima pasitolo ya penti.